Tsiku Limene Anapala Penti wa Njati

Nkhaniyi anandiuza ndi bambo wina womata matayala, tsiku lina lole imene ndinakwera itaphulitsa tayala pafupi ndi kashedi kake. Ankayankhula uku akupaka guluu pa chubu, ndipo akuti zonsezi anaziona ndi maso ake, poti nthawi imeneyo ankachita lendi kuseri kwa nyumba ya mwini nkhani.

Mwini nkhaniyo anali mayi wina amene dera lonse linkangowatchula kuti Mayi Dalaivala. Dzinalo sanachite kulitola. Kuyambira ali mtsikana ankayendetsa galimoto za kampani ina yoyeza misewu, kunyamula anthu ndi zipangizo zawo kupita nawo kumene msewuwo unali usanafike. Kampaniyo itatseka inagulitsa galimoto zake zakale, ndipo mayiwa anagula yomwe ankayendetsa iwo eni, chigalimoto chachitali msinkhu, chamakona ngati bokosi, chokoka ndi matayala onse anayi. Anachitcha Njati.

Njati inali yotuwa ngati phulusa, penti wake atasuluka ndi dzuwa. Chitseko cha kumbuyo chinali chopindikira mkati, ndipo mpando wa dalaivala unali utalowa pansi motsata thupi la mwini wake. Koma m'mawa ukangotembenuza kiyi inkatsokomola kamodzi n'kudzuka, mawindo a nyumba zoyandikana n'kumanjenjemera. Ndi galimoto imeneyi mayiwa analera ana awo awiri, kunyamula simenti, odwala, mbuzi, ndi aliyense wofuna kupita kumene minibasi zimakana.

Chimene chinayamba kutha si galimoto ayi, koma bondo lamanzere la mwini wake. Kilachi ya Njati, yoponda posintha giya, inali yolimba ngati ukuponda chitsa, ndipo adokotala ananena mosabisa kuti bondolo likufunika opaleshoni, ndipo likapola lisadzapondenso chinthu chotere. Mwana wawo wamkazi, namwino, anawakonzera chipinda kwake, mu mdadada wa nyumba zosanja kumene panja pake sipakanakwana ngakhale wilibala. Nyumba ya mayiwa inali itagulidwa kale, eni ake atsopano akungodikira makiyi mwezi ukatha. Njati inayenera kuchoka. Funso linali lakuti ichoka bwanji: ndi matayala ake, kapena zidutswazidutswa.

Woyamba kumva fungo anali a Sipeya, mwini wa bwalo lophwasula galimoto kunja kwa tauni. Anafika ndi chipewa chawo cha girisi, nazungulira Njati ngati munthu wosankha ng'ombe yopha.

"Mayi, tiyankhule ngati akuluakulu," anatero. "Galimoto iyi yathunthu ndi nkhalamba. Koma mukaidula, mkatimu muli anyamata okhaokha. Giyabokosi payokha ili ndi mwini wake kale, sakundigonetsa tulo. Injini, zitseko, magalasi, chilichonse chili ndi wochifuna. Mtundu uwu anasiya kupanga, ndiye amene ali nazo amasaka zitsulo zake ngati mankhwala."

"Nanga chotsalacho?"

"Chotsala timayeza pa sikelo."

"Inunso atakudulani, a Sipeya, chingagulidwe ndi lilime lokha," anatero Mayi Dalaivala. "Zinazo n'za pa sikelo."

A Sipeya anaseka mpaka kutsokomola, natchula mtengo wawo. Sunali mtengo wonyoza, ndipo zimenezo n'zimene zinawawawa mayiwa. Akanakhala kuti anyozedwa, akanamuthamangitsa munthuyo ndi tsache nkhani n'kuthera pomwepo. Koma anaona m'maganizo mwawo moto wa gasi ukulowa m'nthiti za Njati, chiwongolero chimene manja awo anachisalalitsa chitapachikidwa pa msomali, ndipo anangoti, "Ndiganize kaye."

"Ganizani, mayi. Ine sindithamanga. Zonse zimathera kwa ine."

Patapita masiku foni inalira. Anali bambo wina wokonza mijigo m'midzi ya kutali, amene anamva kwa makaniko wina kuti pali galimoto yotere ikugulitsidwa. Anafunsa mafunso ochepa, achindunji: ndi ya dizilo? Giya yaing'ono yokwerera mapiri imalowa? Inagubuduzikapo? Atamva mayankho anati abwera Loweruka la sabata yotsatira kudzaiona. Mayi Dalaivala anapita kuchipatala kukachitidwa opaleshoni mtima uli m'malo, makiyi atasiyira mwana wawo wamwamuna.

Mwana ameneyu anzake ankamutcha Polishi. Ankagwira ntchito pa bwalo logulitsa galimoto zing'onozing'ono za m'tauni, zogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo pa ntchito yakeyo anali katswiri. Ankatha kutenga kagalimoto kotopa, kukapukuta, kukapaka mafuta m'matayala, kukathira zonunkhira, mpaka munthu wobwera kudzangoona n'kubwerera kwawo akuyendetsa. Nayenso anali waukhondo, malaya oyera osita bwino, nsapato zoti n'kudzionerapo nkhope. Amayi ake atangogonekedwa, anaiyang'ana Njati nagwedeza mutu.

"Munthu wa ndalama zake abwere kudzaona chinthu chotuwa chonchi?" anauza mlongo wake pa foni. "Achemwali, musawauze amayi. Ndikufuna adzadabwe."

Anaitengera kwa anzake opopera penti. Anawongola chitseko chija, pomwe panakana kuwongoka namatapo phala lotseka mabowo. Thupi lonse analipopera penti wofiira psuu. Mipando anaiveka nsalu zatsopano. Injini anaitsuka ndi mpope wamphamvu mpaka inawala ngati mbale. Ndipo poti anali munthu wosasiya ntchito pakati, analowanso pansi, pa zitsulo ziwiri zazitali zimene zimanyamula galimoto yonse, zomwe amakaniko amati chasisi, nazipaka penti wakuda wokhuthala ngati phula. Zonsezi analipira yekha, osapempha munthu.

Mayi Dalaivala atatuluka m'chipatala, akuyenda ndi ndodo ziwiri, anaima pageti kukamwa kuli yasa.

"Iwe! Galimoto yanga waisiya kuti?"

"Ndi imeneyo, amayi."

Anaizungulira pang'onopang'ono, naigwira boneti ndi nsonga za zala ngati akuopa kuidetsa. Moyo wawo wonse anayendetsa galimoto, koma anali asanagulitsepo ngakhale imodzi, ndiye za ogula sankazidziwa. Chimene anaona n'chakuti Njati yawo yabwerera utsikana, ndipo mwana wawo ndiye wachita zimenezi. Misozi inalengeza.

"Wandiveka ulemu, mwanawe," anatero. "Koma fungo ili m'katimu, ngati saluni yomangira tsitsi, n'lachiyani?"

"Ndi la sitiroberi, amayi. Ogula amalikonda."

Loweruka m'mawa Wamijigo anafika pa njinga yamoto. Anali munthu wamfupi, wa imvi za apo ndi apo, atavala ovolosi yong'ambika m'mawondo. M'thumba anatulutsamo tochi, kahamala ndi kamaginito. A Sipeya nawo anali atamva za tsikuli, ndipo anadzakhala pa mwala wa pageti, akuti akungodutsa.

Wamijigo anapereka moni mwaulemu, kenaka anatembenukira galimoto ija. Nkhope yake inagwa pomwepo. Ananunkhiza chitseko. Anatsegula boneti, nayang'ana injini yowala ija kanthawi, natseka. Anayendetsa kamaginito kake m'mbali mwa galimoto, kakumamatira bwinobwino, koma katafika pa chitseko cha kumbuyo kanagwa pansi. Anakatola, nagona chagada, nalowa pansi ndi tochi. Sanakhalitseko. Anatuluka, nadzisasa fumbi.

"Mayi, pepani ndakutayitsani nthawi. Iyi sindigula."

"Simunailize n'komwe!" anatero Polishi.

"Achimwene, kulira si nkhani. Penti ameneyu wapakidwa liti?"

"Sabata yomwe ino. Watsopano, wapamwamba."

"Eya, ndiye vuto lake limenelo." Wamijigo anayankhula mofatsa, ngati munthu wopepesa maliro. "Ine ndinagulapo ina yonyezimira chonchi, pansi pake pakuda bii. Ndinasangalala ngati mwana. Dzinja lomwelo inathyoka msana pakati pa mtsinje, mapaipi ali pamwamba, anthu anga ali m'kati. Titapala penti uja tinapeza dzimbiri lokhalokha, chitsulo chikufumbutuka ngati bisiketi. Kuyambira pamenepo, galimoto yakale ya m'tchire ndimafuna ndiione ndi zipsera zake. Injini yakuda imandiuza pomwe ikudontha. Injini yotsuka sindiuza kanthu. Chasisi chopaka dzulo, ndiye kuti pali chimene mwini wake sakufuna ndione."

"Bambo," anatero Mayi Dalaivala, mawu atatsika, "mukuti ine ndikubisa?"

"Sindikunena inu, mayi. Ndikunena penti. Inu sindikudziwani, penti ndimamudziwa."

Pageti paja a Sipeya anakonza kukhosi. "Ine penti sandivuta, mayi," anakuwa. "Moto wa gasi susankha mtundu. Mtengo wanga ndi womwe uja."

Polishi anayamba kufotokoza, mawu akuthamangitsana, kuti kubwalo kwawo umu ndi mmene amachitira, kuti palibe amene anadandaulapo. Wamijigo ankangogwedeza mutu uku akumanga chipewa cha njinga. Mayi Dalaivala anayang'ana mwana wawo, nayang'ana munthu wapageti uja. Pa msewu anatukwanidwapo ndi amuna ambiri, anauzidwapo kuti abwerere kukhitchini, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakayikirapo galimoto yawo.

"Bambo, vulani chipewacho," anatero. "Iwe, m'galaja muli mpeni wopalira ndi bulashi ya waya. Bweretsa."

"Amayi, mukufuna kutani?"

"Ndikufuna ndivule galimoto yanga munthuyu aione."

"Penti ameneyu ndalipira ine!"

"Ndikudziwa, ndipo ndathokoza. Bweretsa mpeni."

Polishi sanasunthe. Ndiye mayiwa anapita okha, ndodo zikugogoda pa simenti, nabwera ndi mpeni uja. Anatsamira tayala, nagwetsa ndodo imodzi, nayamba kutsika pansi, mwendo wa bandeji utawongoka ngati mtengo, mano ataluma mlomo.

"Amayi! Ulusi uduka!" Polishi anawagwira m'khwapa nawadzutsa. Anaima pamenepo akupuma mwamphamvu, akuyang'ana penti wake wofiira. Kenaka anathamangira m'nyumba, natulutsa mpando, nawakhazika amayi ake. Anamasula mabatani a malaya ake oyera, nawapinda bwinobwino, nawaika pa miyendo ya amayi akewo.

"Ndiyambire pati?"

"Funsa mwini kukayika."

Wamijigo anavula chipewa chija pang'onopang'ono. "Pamwamba pa tayala lakumbuyo," anatero. "Pamene matope amagona. Ngati pali dzimbiri, limayambira pamenepo."

Polishi analowa pansi ndi thalauza lake la kuntchito. Panamveka kukwecha. Penti wakuda uja, poti anali asanaumitsitse, ankamatuka ngati chingamu n'kumamugwera kumaso, m'tsitsi, m'kamwa. Ankalavula, n'kutukwana chapansipansi, n'kupitiriza. Anthu oyandikana nawo anayamba kusuzumira pa mpanda.

"Polishi, lero wapolishidwa ndiwe!" anakuwa mayi wina.

"Musiyeni mwana wanga," anayankha Mayi Dalaivala. "Wanu uja angalowe pansi pa galimoto? Ngakhale pansi pa bedi amachita kutuma."

Dzuwa linakwera. Wamijigo anapirira kuonerera kwa kanthawi, kenaka naye anagona pansi, natenga bulashi ya waya, amuna awiriwo n'kumapala mapewa atagundana. Pomwe ankapala, pankatuluka chitsulo chotuwa, chosalala, chonona ndi mafuta akale. Mayi Dalaivala, chikhalireni pampando, ankawauza zimene apeze asanazipeze.

"Mukafika pomwe pamangidwa sipulingi ya kumanzere, mupeza chigamba chowotcherera. Panang'aluka nditanyamula miyala yopitirira muyeso. Ndinali wopusa chaka chimenecho. Onani mmene anawotcherera, musandimvere chisoni."

Kunsi kuja tochi inayendayenda. "Ndachipeza," anatero Wamijigo. "Anawotcherera ndi munthu wodziwa."

"Ndinamuimirira pamutu mpaka anamaliza. Chitseko chimene chagwetsa maginito anucho ndinachigunditsa mumtengo, ndinkabwerera m'mbuyo mvula ikugwa. Mwanayu wamatapo phala kuti chikongole. Mukafuna kolokotani."

"Nanga mafuta ali m'chasisi monsemu?"

"Oyilo wakale. Ndikakhetsa mu injini sindinkataya, ndinkamuthira m'mabowo a zitsulozo mvula isanayambe, chaka ndi chaka. Manja ankanunkha sabata yathunthu, ana awa n'kumakana kudya chimene ndaphika."

"N'zoona zimenezo," anatero Polishi ali pansi pomwepo. "Tiyi ankamveka dizilo."

Kenaka Wamijigo anatenga kahamala kake nayamba kugogoda chasisi, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, mbali iyi ndi inayo. Chitsulo chodyeka ndi dzimbiri chimayankha mogonthera ngati ukumenya thabwa lonyowa. Cha Njati chinkalira ngwee, ngwee, ngati belu la pasukulu, mpaka agalu a kuseri anayamba kuuwa. Mayi Dalaivala anatsamira mpando, manja atapinda pa malaya a mwana wawo, chibwano chili m'mwamba. Sanayang'ane munthu aliyense.

Wamijigo anatuluka, nkhope ili mawangamawanga. "Tiiyendetse," anatero. "Injini itenthe, ndione pomwe ikudontha."

Anawakweza mayiwa kumpando wa wokwera, malo amene anali asanakhalepo chigulireni galimotoyo. Analunjika ku njira yakale ya kumalo oswera miyala, yokumbika ndi madzi, yotsetsereka moti anthu oyenda pansi amagwira udzu. M'munsi mwa chitunda Wamijigo anagwira kandodo ka giya yaing'ono, nakankha, koma kanakana.

"Osalimbana nayo," anatero mayiwa. "Ibwezeni m'mbuyo pang'ono, ngati mukuipepesa. Tsopano kankhani."

Giya inalowa kuti khwe. Njati inabangula, niyamba kukwera mosathamanga, tayala lililonse likusankha mwala wake, boneti italoza kumwamba. Wamijigo anachotsa phazi pa moto kuti aone, koma galimoto inangopitiriza yokha, ikuguguda ngati mtima. Atafika pamwamba munthuyo anali akuseka yekha, mano onse pamtunda.

Atabwerera kunyumba anayala katoni yoyera pansi pa injini, nadikira. Patapita nthawi panagwa kadontho kamodzi kakuda, chakumbuyo.

"Kameneko n'kanga, ndimakadziwa," anatero Mayi Dalaivala. "Kanayamba mwana uyu ali ku pulayimale, ndipo sikanakulepo. Pa msinkhu wathuwu, bambo, ndani sadontha?"

Wamijigo anaseka mpaka kugwira tayala. Kenaka anakhala pansi pafupi ndi mpando wa mayiwa nayamba kukambirana. Sanachedwe. Munthuyo anatchula mtengo, mayiwa anakweza, iye anakwera pang'ono, nagwirana chanza. Unali woposa wa a Sipeya, ndipo osati pang'ono. Polishi, amene ankadzipukuta kumaso ndi sanza, anasiya kupukuta nakhala pa chidebe.

"Bambo, mwati bwanji? Kubwalo kwathu kuli galimoto zoti matayala a iyi ndi aakulu kwa izo pobadwa, zoziziritsa m'kati, za wailesi yoyankhula, koma sizifika pa mtengo umenewo."

"Zanuzo zimatsika mtengo tsiku lililonse, ngakhale zitangoima," anayankha Wamijigo. "Iyi inatsika kalekale mpaka inafika pansi, tsopano ikukwera, chifukwa anzake akutha ndipo ena sakubadwa. Kumene ndimapita ine kulibe makaniko wa kompyuta. Iyi ikadwala ndiichiza pansi pa mtengo ndi sipanala ndi waya. Yanuyo ikayatsa kagetsi kofiira, ndigona komweko."

"Nanga penti wanga?"

"Ndimupirira. Minga ichotsa yokha."

Mayi Dalaivala anatambasula dzanja nagwira mwana wawo m'mutu, m'tsitsi lomata phula lija. "Bambo, mwamuona uyu? Anapaka yekha, wapala yekha. Ndi wanga ameneyu."

Madzulo ake zonse zitalongosoka, njinga yamoto ija anaikweza kumbuyo kwa Njati. Mayiwa anapereka makiyi ataimirira, atakana mpando. Anamuuza mwini watsopanoyo kuti m'mawa kukazizira aziidikira kaye isanayende, ndipo asaiwale oyilo wa m'chasisi mvula isanagwe. Injini inatsokomola kamodzi n'kudzuka. Galimoto inatuluka pageti ndi matayala ake, yofiira pamwamba, yokandikakandika pansi, ndipo a Sipeya anachita kudzuka pa mwala paja kuti iwapatse njira, fumbi likuwathira m'chipewa.

"Ipite," anatero a Sipeya. "Idzabwera ndithu kwa ine. Ndidikira."

"Dikirani, bambo," anayankha Mayi Dalaivala. "Koma muuziretu abale anu nambala ya munthuyu. Tsiku lanu likadzafika kunja kuli matope, idzakunyamulani ndi yomweyi."

Anaima pamsewu, atatsamira ndodo mbali ina, mbali ina phewa la mwana wawo wosavala malaya, mpaka kulira kwa injini kunazimirira kuseri kwa masitolo.

Womata matayala uja anamalizira pamenepa, akuthira malovu pa chigamba kuti aone ngati mpweya ukutuluka. Za kupala penti ndikuzikhulupirira, chifukwa ogula galimoto zakale za m'tchire ndawaonapo akugona m'fumbi ndi tochi, osayang'ana n'komwe pamwamba. Koma ananenetsanso kuti mtengo wa Njati ukanagula tigalimoto ta kubwalo kwa Polishi titatu. Pamenepo pokha ndikukayika. Ndikuganiza kuti anawonjezera.